Ndikufuna kudzipangira masipika ang'onoang'ono a pashelefu, ndiyambire pati?

Wa ku Area 25:
Moni nonse pa gulu lino. Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete zomwe mumakambirana, lero ndalimba mtima kuti ndifunse. Ndikufuna kudzipangira masipika awiri ang'onoang'ono, aja oika pashelefu kapena patebulo pambali pa kompyuta, oti ndizimverera nyimbo kuchipinda. A disiko ayi. Za matabwa ndimadziwako pang'ono poti atsibweni anga ndi akalipentala, chowotcherera mawaya ndili nacho. Pakhomo pali masipika awiri a 6x9 ochotsedwa m'galimoto, komanso wailesi yakale ya Aiwa yomwe inafa koma masipika ake akulira bwinobwino. Bokosi likhale lalikulu bwanji? Ndiboole bowo la bezi kapena ndilitseke?

DJ Kabaza:
Aise, ma 6x9 wo ndi moto. Khoma bokosi lalikulu, boola kutsogolo, lowetsa paipi, uwonjezere twita (timasipika ta mawu okwera) za piezo ziwiri mbali iliyonse. Aneba azidziwa kuti wafika.

Che Mawaya:
Mphwanga, DJ asakusocheretse, iyeyu maganizo ake ali ku ukwati ndi ku zinkhoswe basi. Ma 6x9 anawapangira galimoto. Amakhala kuseri kwa mipando ya kumbuyo kuti buti yonse ikhale bokosi lawo. Ukawatsekera m'kabokosi ka malita 8 kapena 10 amangoti buu buu pa noti imodzi, bezi gitala ndi ng'oma osasiyanitsika. Bokosi lowakwanira silingakhale pashelefu. Asungire ntchito ina. Tiuze za Aiwa: sipika yaikulu ndi ya mainchi angati, pa maginito palembedwa chiyani? Tenganso mita uyeze ma ohm. Usadabwe ikaonetsa zochepa kuposa zolembedwa, ya 8 ohm imaonetsa cha mu 6, ya 4 ohm cha mu 3. Si kuti yapsa ayi.

Wa ku Area 25:
Zikomo Che Mawaya. Yaikulu ndi ya mainchi 5, palembedwa 6 ohm, pa mita ikuonetsa 4.8. Palinso katwita kakang'ono ka pepala. Mabokosi ake anali a chipboard yopyapyala, anafufuma nyumba itadontha dzinja lathali, pansi pake pakuyoyoka. N'chifukwa chake ndikufuna atsopano.

Che Mawaya:
Usawataye! Mabokosi ofufumawo ndiwo mphunzitsi wako. Tsegula limodzi, yeza m'kati mwake m'lifupi, m'litali ndi kuya kwake. Ngati pali paipi ya bezi, yeza kukula kwa bowo lake ndi kutalika kwake. Amene anakonza wailesi imeneyo anawerengera kale kuti sipika yakoyo ikufuna mpweya wochuluka bwanji. Iwe ungobwereza muyezo womwewo pa thabwa labwino.

Wa ku Area 25:
M'kati ndi 17 cm, 28 cm ndi 19 cm. Paipi ili kumbuyo, bowo lake 4 cm, kutalika 9 cm.

Bambo a Tadala:
Mwana wanga, chulukitsa manambala atatuwo. 17 x 28 x 19 ikupereka 9,044, ugawe ndi 1,000, ndiye kuti bokosi lako ndi la malita 9. Paipiyo ndaiwerengera, ikuliritsa bokosi cha pa 60 Hz (Hz ndi muyezo wa kutsika kapena kukwera kwa noti). Che Mawaya anena zoona, koma ndikufuna umvetse chifukwa chake, kuti tsiku lina ukadzagula sipika yopanda bokosi usadzasowe pogwira.

Koni ya sipika, pepala lija limanjenjemera, ikamakankha mpweya kutsogolo imakhala ikukoka mpweya kumbuyo. Sipika ikakhala pamtunda popanda bokosi, mpweya wa kutsogolo umangothamangira kumbuyo n'kufafanizana, bezi n'kusowa. Ntchito yoyamba ya bokosi ndi kulekanitsa mbali ziwirizi. Koma mpweya wotsekeredwa m'bokosi umakana kupanikizidwa, ndiye umalimbitsa koni. Bokosi likachepa, koni imalimba, bezi yakuya imathawa ndipo pamatsala chitumbi cha phokoso cha m'ma 120 kapena 150 Hz chija Che Mawaya akuchitcha buu buu.

Amene anaika zimenezi m'masamu ndi Neville Thiele wa ku Australia, mu 1961, kenako Richard Small anazikulitsa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 ali ku University of Sydney. Lero masipika ambiri ogulitsidwa kwa opanga okha amabwera ndi manambala awo. Woyamba kumene agwire atatu okha. Fs ndi noti yomwe koni imanjenjemera payokha isanalowe m'bokosi. Qts ikuuza ngati koni imaima msanga kapena imapitiriza kugwedera noti itatha. Vas ndi kufewa kwa koni, koyezedwa m'malita a mpweya. Tinene kuti sipika ili ndi Fs 60 Hz, Qts 0.4, Vas malita 10. Pa bokosi lotseka timafuna Qts ija, sipika ikalowa m'bokosi, ikwere kufika 0.707. Gawa 0.707 ndi 0.4, zotsatirazo uzichulukitse ndi zokha, chotsapo 1, ugawe malita 10 ndi yankho lakolo. Upeza malita 4.7. Fs nayo ikwera mofanana, kuchoka pa 60 kufika cha pa 106 Hz. Masipika ambiri a galimoto Qts yawo imakhala kale pamwamba pa 0.7 asanalowe m'bokosi, ndiye bokosi lililonse laling'ono limangowaipitsa. Ngati masamu akukutopetsa, pali pulogalamu yaulere ya WinISD, umangolowetsa manambala iyo n'kukujambulira.

DJ Kabaza:
Aphunzitsi mwatibwezera ku Fomu 4 kkkk. Ine mabokosi ndakhoma ambirimbiri popanda Vas ndipo anthu amavina.

Bambo a Tadala:
Amavinadi achimwene, koma inu mumaika wufa (sipika ya mawu otsika) ya mainchi 15 m'bokosi la malita 100 pabwalo. Pamenepo ngakhale muphonye ndi malita 10 palibe angamve. Kabokosi ka malita 5 ukaphonya ndi malita 2 kasintha mawu onse. Palinso lamulo lomwe anthu amalitcha la Hofmann, mmodzi mwa atatu omwe anayambitsa kampani ya KLH ku America: bokosi laling'ono, bezi yakuya, ndi kulira mokweza pa mawati ochepa, pa zitatuzi ungatenge ziwiri zokha. Mnyamatayu wasankha kale laling'ono. Atsala n'chimodzi.

Wa ku Joni:
Abale, ine ndikuona ngati tikumuzunguza mwana. Njira yosavuta kwa woyamba ndi kutengera pulani yomwe ena anaiyesa kale. Pali imodzi yotchuka kwambiri, Overnight Sensations, ya Paul Carmody. Wufa yake ndi HiVi B4N ya mainchi 4, twita ndi Dayton Audio ND20FA, pulani ya bokosi ndi ya crossover (tizipangizo togawa mawu pakati pa wufa ndi twita) zili pa intaneti mwaulere. A Parts Express a ku Ohio amagulitsa zonse pamodzi, matabwa odula kale, iwe kungomata. Alinso ndi ina yotchedwa C-Note, wufa ya mainchi 5. Ine ndinapanga Overnight Sensations kuno ku Johannesburg, aliyense akalowa m'nyumba amafunafuna sabu, bokosi lapadera la bezi, kuti ndabisa pati. Ma Aiwa akalewo sangafike pamenepo, tisanamizane.

Che Mawaya:
Achimwene a ku Joni, zoona sangafike. Koma muwerengere mtengo wa katunduyo, wonyamulira kuchoka ku America, msonkho pofika, komanso kuti madola uwapeze kuti masiku ano. Kutumiza matabwa a MDF pa ndege kuchoka ku Ohio kubwera ku Lilongwe, chikhalirecho atsibweni ake ndi akalipentala? Mwana ali ndi masipika m'manja. Ayambe ndi amenewo, aphunzire kudula, kumata, kuwotcherera. Akatentha twita ya Aiwa palibe amene alire.

Wa ku Joni:
Matabwa sindikunena, angoitanitsa mawufa, matwita ndi zipangizo za crossover. Zimakwana m'chikwama cha m'manja munthu akamabwera pa basi. Koma ndamva, ayambe ndi zomwe ali nazo. Chimodzi chokha: akadzatengera pulani ya munthu, asadzasinthe kukula kwa thabwa la kutsogolo kapena kusinthitsa twita ndi ina "yofanana nayo". Crossover inawerengeredwa pa sipika zomwezo ndi thabwa lomwelo.

Nabanda wa Matabwa:
Amuna inu mwalankhula za manambala, tsopano ndimuuze mlongo wanga za thabwa, poti bokosi likamadontha mpweya manambala onsewo ndi achabe.

Blockboard usagule. M'kati mwake ndi timatabwa tondondozana, pakati pake pamakhala mipata, ukaboola bowo la sipika umapeza mphako ndipo sikulu siigwira. Thabwa la paini lochokera pa macheka nalo ayi, limapindika likamauma ndipo pofika Okutobala limang'ambika pa joyini. Sankha pakati pa MDF ndi plywood. MDF ya mamilimita 16 kapena 18 imadulika bwino, ilibe mfundo, ukaigogoda siilira. Koma imaopa madzi ngati chipboard yomwe yakugwetsa mphwayi ija, ndipo fumbi lake ndi loipa pachifuwa, dulira panja utavala chotseka mphuno. Plywood ndi yopepuka ndipo imapirira chinyezi, bola uyang'ane m'mphepete mwake pogula, ngati mukuoneka timabowo pakati pa magawo ake isiye.

Miyezo yomwe wapereka ndi ya m'kati. Pa thabwa la 18 uwonjezere 3.6 cm mbali zonse, kunja kukhale 20.6 ndi 31.6 ndi 22.6. Anthu ambiri amaiwala pamenepa, amadula 17 x 28 x 19 kunja, bokosi la malita 9 n'kutsala la malita 5. Mbali zofanana za mabokosi onse awiri uzidule nthawi imodzi osasuntha muyezo, kuti zisasiyane ngakhale ndi milimita.

Pomanga, guluu wa matabwa woyera uja ndiye amagwira, misomali ndi yongothandiza kuti zisasunthe. Paka mokwanira mpaka azituluka m'joyini ukafinya, upukute ndi kansalu konyowa. Ngati atsibweni alibe makilampu okwanira, malegeni a chubu cha galimoto amagwira ntchito, kulunga bokosi lonse mokoka, yeza ndi sikweya, ulisiye usiku wonse. Sikulu pa MDF usaikhome m'mphepete osayamba waboola kabowo kotsogolera, thabwa limagawanika pakati. Mabowo a sipika udule thabwa lisanamangidwe. Jambula ndi kampasi, ngati jigsaw palibe boola timabowo tambiri motsatira mzere, gogoda pakati pachoke, usalaze ndi fayilo. M'kati mwa bokosi tsatira majoyini onse ndi guluu wosakaniza ndi utuchi. Ukagwiritsa ntchito silikoni, dikira fungo lake la viniga lithe usanamange masipika.

Penti: m'mphepete mwa MDF mumamwa penti osakhuta. Yamba wapakamo guluu wosungunula ndi madzi, ziume, upale ndi sandipepa, kenako penti.

Wa ku Area 25:
Achemwali zikomo kwambiri, ndakopera zonse m'kope. Pa hadiweya ya kwathu kuno ndapeza plywood ya 12 yokha, ya 18 akuti mpaka m'tauni. Ya 12 ingachite?

DJ Kabaza:
12 ndi ya siling'i aise. Bokosi la sipika lizilemera, ukalinyamula msana uzimva.

Bambo a Tadala:
Pa mabokosi anu akuluakulu inde. Koma sipika yaing'ono yotchuka kuposa zonse, LS3/5A ya BBC yomwe inatuluka cha mu 1975, ndi ya plywood ya mamilimita 12. Anaipangira magalimoto oulutsira mawu kunja kwa situdiyo, momwe malo ndi ochepa. Bokosi lake ndi lotseka, cha m'ma malita 5, wufa KEF B110, twita KEF T27. M'malo monenepetsa thabwa, iwo anamata zigamba za phula m'kati kuti thabwa likagwedezeka liime msanga. Makampani monga Rogers, Spendor ndi Harbeth ankaipanga ndi chilolezo cha BBC, ndipo mpaka lero zakale zimagulidwa pa mtengo wokwera. Tsono 12 ikwanira, bola isakhale ya mphako.

Nabanda wa Matabwa:
Ikwanira. Uwonjezere 2.4 cm m'malo mwa 3.6. Ikamo kathabwa kopingasa kolumikiza mbali ziwiri zazikulu, kukula kwake ngati 2 cm, ukamate ndi guluu mothina. Usakaike pakatikati penipeni, kasunthe pang'ono. Thabwa la kutsogolo ukhoza kuliphatikiza awiri kuti masikulu a wufa akhale ndi pogwira. Phula lomatira malata odontha lija, la pepala lonyezimira kumbuyo, limamatika bwino m'kati. Ukatha gogoda ndi chala, lizimveka thi thi, osati kho kho.

Mlongo wa ku Leeds:
Ndalowa mochedwa. Funso lake la bowo la bezi palibe walimaliza. Mchimwene, uzira pakamwa pa botolo la Fanta lopanda kanthu, umva noti imodzi. Thiramo madzi theka, noti ikwera. Bokosi la paipi limagwira ntchito chimodzimodzi: mpweya wa m'paipi umavina pamwamba pa mpweya wa m'bokosi pa noti imodzi, pa iwe 60 Hz ija aphunzitsi awerengera. Pafupi ndi noti imeneyo paipi ndiyo imatulutsa bezi, koni imapuma. Paipi ikatalika noti imatsika, ikakula bowo noti imakwera. Choncho paipi si yongotola, ukasintha bowo kuchoka pa 4 cm usinthenso kutalika.

Vuto lake lili pansi pa notiyo. Kumeneko bokosi silikugwiranso koni, imangokupiza mphepo popanda mawu. Chingwe chachikulu cha bezi gitala chimatsika mpaka 41 Hz, ndipo amapiano amatsika zedi, ukakweza voliyumu uiona koni ikutuluka ngati ichoka. Bokosi lotseka limateteza koni ndipo limakhululuka ukaphonya muyezo. Njira imeneyi anaitchukitsa Edgar Villchur ndi AR-1 mu 1954. Ine ndikanakhala iwe, ndikanaika paipi monga analili, kenako n'kuyesa kuitseka ndi sokosi. Umvere nyimbo imodzi paipi yotsegula, umverenso yotseka. Pashelefu pafupi ndi khoma, nthawi zambiri yotseka imamveka yoyera. Ndipo ngati sipika ikhudzane ndi khoma, paipi uisamutsire kutsogolo.

Che Mawaya:
Paipi ya pulasitiki ya madzi otayika ya 40 mm ndi yoyandikira, yeza bowo lake m'kati chifukwa 40 yo ndi ya kunja. Kapena ingozula yakale ija umatenso, pulasitiki sinafufume. Za m'kati: ulusi wa m'mapilo. Pa bokosi la paipi yala m'makoma okha, usatseke kukamwa kwa paipi. Pa lotseka dzaza mosapanikiza.

Wa ku Area 25:
Ndatsegula bokosi lachiwiri kuti ndione mawaya. Crossover yomwe mukunenayo sindikuiona. Pali kapasita imodzi yokha pa waya wopita ku twita, palembedwa 3.3 uF NP. Wufa yangolumikizidwa mwachindunji. Kodi ina inabedwa?

Che Mawaya:
Kkkk sinabedwe, crossover yake ndi yomweyo. Mawailesi ambiri a nthawi imeneyo ankapanga choncho kuti mtengo utsike.

DJ Kabaza:
M'mashopu a zamagetsi muli macrossover okonzakonza, olembedwa 3000 Hz 2-way. Gula awiri umange, nkhani yatha.

Bambo a Tadala:
Apa ndiye pamene ndikukanitsitsa, ndipo apa ndi pamene oyamba ambiri amagwera, osati pa thabwa. Kapasita imatseka mawu otsika n'kulola okwera. Pomwe imayambira kutseka umapapeza pogawa 1 ndi 6.28 x ma ohm x kapasita (3.3 uF uilembe 0.0000033). Pa twita ya 6 ohm ndi 3.3 uF ndi cha pa 8,000 Hz. Ndiye kuti wufa yako ikuimba pafupifupi nyimbo yonse, katwita kakungothira tsitsitsi pamwamba. Okonza anadziwa kuti katwita ka pepala kotchipa sikangapirire zotsika. Ukakamangira crossover ya 3,000 Hz ukukapatsa katundu yemwe sikanapangidwire.

Chachiwiri, crossover ya m'shopu imawerengeredwa ngati kuti sipika ndi 8 ohm pa noti zonse. Palibe sipika yotero. Wufa yako pa mita ndi 4.8, pa Fs imatha kukwera kupitirira 20, imatsika, kenako imakweranso mawu akamakwera chifukwa cha koyilo yake. Crossover yowerengeredwa pa 8 ohm ikakumana ndi zimenezi imadula pena paliponse. Komanso twita zambiri zimalira mokweza kuposa wufa, zimafunika marezisita ozitsitsa, a m'shopu sadziwa kuti yako ikufuna angati. Anthu ngati Siegfried Linkwitz ndi Russ Riley, omwe crossover yawo ya 1976 ili paliponse lero, anali mainjiniya a Hewlett-Packard, si nkhani yongolumikiza. Mu LS3/5A ija, kabokosi kakang'onong'ono, crossover ili ndi zipangizo zoposa khumi.

Langizo langa: siya mmene zinalili. Ungosintha kapasitayo poti yakalamba. NP ikutanthauza kuti ilibe mbali ya + ndi -, usaikepo wamba ya mu pawa sapulayi.

Che Mawaya:
Ya NP ikasowa, kapasita ya fani ya kudenga imagwira bwino kwambiri, ndi ya filimu, siikalamba msanga. Zimapezeka za 1.5, 2, 2.5, 3.5 uF. Ukalumikiza ziwiri mogundanitsa miyendo zimaphatikizana, 1.5 ndi 2 ikupatsa 3.5, ili pafupi mokwanira ndi 3.3. Ngati wachotsa pa fani yakale, gunditsa miyendo yake ndi sikuludiraiva usanaigwire.

Mlongo wa ku Leeds:
Aphunzitsi, mwasiya baffle step.

Bambo a Tadala:
Ndinaisiya dala mwana wanga, koma poti waitchula. Mawu okwera amagunda thabwa la kutsogolo n'kulunjika kwa womvera. Otsika ndi aatali, 100 Hz ndi mamita 3.4, kathabwa ka 20 cm sakaona n'komwe, amazungulira bokosi n'kumwazika m'chipinda chonse. Zotsatira zake bezi imachepa mpaka ndi 6 dB (dB ndi muyezo wa mphamvu ya mawu) poyerekeza ndi mawu apakati, sipika n'kumamveka yowonda, yolalata. Pomwe zimachitikira umapapeza pogawa 115 ndi m'lifupi mwa thabwa m'mamita, pa iye ndi cha m'ma 550 mpaka 600 Hz. Mankhwala ake ndi koyilo ya pafupifupi 1 mH pa waya wa wufa, yogundanitsidwa ndi rezisita ya 4 kapena 5 ohm. Koma iye akuika pashelefu, khoma lili kumbuyo komweko, khomalo limabweza gawo lalikulu la bezi yomwe inamwazika. Ayambe wamvera. Akaona kuti mawu a oimba akubaya m'makutu, ndiye tidzakambe za koyilo. Okulunga mamota ali ndi waya wake, tikhoza kudzakulunga tokha.

Mlongo wa ku Leeds:
N'chifukwa chake ine oyamba ndimawauza kuti sipika imodzi yoimba zonse, yopanda twita, ndiyo poyambira pabwino. Markaudio CHR-70 kapena Visaton FRS 8, bokosi, mawaya awiri, basi. Palibe crossover yoti uphonye. Siilira mokweza kwambiri, koma mawu a munthu ndi gitala amamveka bwino modabwitsa. Amene akufuna kupita patsogolo, pulogalamu ya REW ndi yaulere, ya John Mulcahy, imayeza mawu a sipika ndipo ikhozanso kukupezera Fs, Qts ndi Vas za sipika yosadziwika. VituixCAD nayo ndi yaulere, yopangira crossover. Koma popanda maikolofoni yoyezera ngati UMIK-1 umangoyerekeza.

Wa ku Joni:
Sipika imodzi yoimba zonse pa kwaito ndi amapiano? Mlongo, imeneyo ndi ya nyimbo za kwaya.

Mlongo wa ku Leeds:
Iye wati kuchipinda, sanati ku shabini.

Wa ku Area 25:
Kkkk. Nanga ampulifaya? Wailesi ija panali chomata cholembedwa mawati mazanamazana PMPO, ndiye ndikuopa kuti kaampu kakang'ono sikakoka.

Che Mawaya:
PMPO iwale, ndi nambala ya otsatsa malonda. Funafuna kabodi ka TPA3116, chipu cha Texas Instruments, ena amabwera ndi Bluetooth kale. Kamalandira magetsi a DC kuyambira 12 mpaka 24 V. Chaja ya laputopu ya 19 V ndi yabwino, ikupatsa pafupifupi mawati 30 mbali iliyonse pa 6 ohm. Magetsi akazima lumikiza ku batire ya sola ya 12 V, upeza cha m'ma 10 kapena 12, kuchipinda ndi okwanira. Sipika yotulutsa 86 dB pa wati imodzi imafika 96 dB pa mawati 10, landilodi agogoda. Kuchoka pa 10 kufika 20 umangowonjezera 3 dB, khutu limangoti zakwera pang'ono. Samala ziwiri: + ndi - za magetsi usatembenuze, ndipo mawaya akuda a sipika ya kumanzere ndi ya kumanja asakhudzane kapena kulumikizidwa pamodzi, pa mabodi amenewa si girawundi. Ukamva mawu ayamba kusweka tsitsa, kusweka kumeneko ndi komwe kumatentha matwita, ngakhale ampu ikhale yaing'ono.

Usanawotcherere, tenga batire ya tochi ya 1.5 V ugunditse pa wufa. Koni ikatulukira kunja, mwendo womwe wakhudza + ya batire ndiwo +. Lembapo. Mabokosi onse awiri afanane, ukatembenuza limodzi bezi imasowa ndipo woimba samveka pakati. Pa twita batire usayese.

Wa ku Area 25:
Akuluakulu, ndabweranso. Mabokosi atha, plywood ya 12, kathabwa kopingasa, phula m'kati, paipi zakale ndaziika kutsogolo, ndapaka vanishi yokha. Kabodi ka TPA3116 ndinakapeza, kakuyendera chaja ya laputopu. Akulira bwino kuposa mmene ankalilira kale, ng'oma ikumveka payokha, bezi gitala payokha. Za sokosi ndayesa, ine ndakonda yotsegula ndikamamvera motsitsa usiku, yotseka ndikakweza. Vuto ndi limodzi: la kumanzere likumachita zzz pa noti zina za bezi, la kumanja ayi.

Nabanda wa Matabwa:
Zakoma mlongo, tumiza zithunzi. Pakati pa wufa ndi thabwa unaikapo chiyani? Chitsulo chikakhudza thabwa mwachindunji mpweya umapita m'mphepete n'kumaimba likhweru. Dula mkombero wa chubu cha njinga kapena siponji yopyapyala uike pansi pake. Masikulu umange mopingasa, pang'onopang'ono, kuti chitsulo chisapindike.

Che Mawaya:
Yamba wasinthanitsa mawaya ochokera ku ampu. Zzz ikasamukira kumanja, vuto ndi ampu kapena nyimbo. Ikatsala kumanzere, ika pa foni pulogalamu yotulutsa noti imodziimodzi, uyende pang'onopang'ono kuchoka pa 40 kufika 300 Hz mpaka uipeze, uisiye ikulira pomwepo. Kenako gwira ndi dzanja mbali iliyonse ya bokosi, paipi, potulukira mawaya, ngakhale shelefu yeniyeniyo ndi zomwe zili pamenepo. Pomwe ukagwira phokoso likuleka ndi pomwepo. Likapanda kuleka, masula wufa uone ngati waya wa m'kati sukukhudza koni kapena khoma, uukulunge ndi siponji. Uli pomwepo zimitsa ampu, ika zala zitatu mozungulira kachipewa ka pakati, ukankhe koni mofatsa molunjika. Ukamva kukhwekhwereza, koyilo ikukhula maginito, mwina chinyezi chija chinaipinda. Imeneyo itengere kwa okonza masipika akaione, ndipo upite nazo zonse ziwiri kuti akafananize.